Mwana Amene Makina Anamutafuna

Mu Kitwe monse, anthu oyenda ndi majuzi mwezi wa Okutobala tinali ife tokha. Dzuwa likuswa mtengo, ife tikutsika basi majuzi aubweya ali paphewa, amayi ootcha chinangwa pachipata n'kumatinena kuti tili ndi malungo osamva mankhwala. Sankadziwa kuti kumene tinkalowako kunkazizira ngati m'mawa wa mu Juni chaka chonse. Kompyuta ya kampani ya migodi sinkafuna kutentha. Ikangofunda pang'ono inkayamba kubwebweta zabodza.

Adzukulu anga amaseka ndikawauza kuti chinthucho chinkadzaza chipinda chachikulu ngati tchalitchi. Aseke, sanachione. Anali makabati achitsulo otalika kuposa mwamuna, atandandalika khoma ndi khoma, magudumu a tepi akuzungulira uku n'kubwerera uku, timagetsi tikuphethira, ndi phokoso losalekeza lomwe unkapita nalo kunyumba m'makutu. Inalibe galasi loonerapo ngati zanuzi. Ukafuna kuiuza kanthu unkaboola timabowo pa makhadi olimba, n'kuwaunjika pa makina owerenga, iwo n'kumawameza limodzilimodzi mwaliwiro loti diso silingatsate. Oboola makhadiwo tinali ife akazi. Wina ankaboola, mnzake n'kubwereza khadi lomwelo pa makina ena kuti agwire cholakwa. Woboola wanga anali Ba Bibiana Chomba. Ine Emelda ndinali wogwira zolakwa zawo, ndipo kunena zoona nthawi zambiri ndinkangowodzera pampando, chifukwa mayi amenewo sankalakwitsa wamba.

Anali munthu wamfupi, wa nkhope yosaseka, wochokera kumpoto, ku Mporokoso. Si onse ankawakonda. Ukafika mochedwa ankakuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu osanena kanthu, ndipo zimenezo zinkawawa kuposa kutukwanidwa. Nthawi yopuma, ife tikamadya mtedza ndi miseche, iwo ankatulutsa masingano awo aatali achitsulo n'kumaluka. Majuzi ambiri a muofesimo analuka ndi iwo. Kunyumba kwawo ku Chamboli kunali ana atatu ndi mwamuna amene fumbi la mumgodi linamudya chifuwa mpaka anamupumitsa ntchito. Banja lonse linkadya kuchokera m'zala zawo.

Nkhani ya sukulu yawo anandiuza kamodzi kokha. Nthawi ya atsamunda analemba mayeso opitira ku sekondale, ndipo aphunzitsi onse ankadziwa kuti mtsikanayu akhoza. Zotsatira zitabwera, pa okhoza panalibe dzina lawo, pa olephera panalibenso. Mapepala awo anasowa penapake panjira. Bambo awo anapalasa njinga mpaka ku boma, kalaliki n'kuwauza kuti, "Bwererani kaye, tikonza." Pomwe ankakonza, malo anali atadzaza kale. Anakhala kumudzi akulima mawere mpaka masisitere ena anawatenga kukawaphunzitsa kutayipa.

"Mawu oti tikonza," anandiuza tsiku limenelo, maso ali pa zoluka zawo, "ndikawamva ndimachita nseru."

Chaka chimene malire a kummwera anatsekedwa, zipangizo za makina zinkasowa, ndipo mvula nayo inachedwa. Disembala analowa kumwamba kuli mbee. Sabata ina tinauzidwa kuti tibwere Lamlungu. Kompyuta imene a zamayeso ankagwiritsa ntchito ku Lusaka inali itafa, ndiye anabwereka yathu kwa tsiku limodzi kuti asankhirepo ana a chigawo cha kumpoto opita ku Fomu 1. Makhadi anali ataboola kale kwawo konko. Anabwera nawo pagalimoto Ba Imasiku, bambo wamtali wa tayi amene ankalankhula nawe akuyang'ana wotchi. Mwana aliyense anali ndi khadi lake: nambala ya sukulu, nambala yakeyake, ngati ndi mnyamata kapena mtsikana, kenako malikisi. Dzina panalibe, maina ankakawalumikiza ku Lusaka. Kompyuta inkayenera kumeza makhadi onse, kusanja ana motsata malikisi, n'kugawa malo mpaka atatha. Ikakwana faifi koloko, ntchito ya mgodi inkayenera kubwerera pamakina, zivute zitani. Ine ndi Ba Bibiana anatiitanira kuti khadi likapindika tiboole lina.

Woyang'anira tsikulo anali Ba Katongo, munthu wakuda woyamba kupatsidwa makiyi a chipindacho, ndipo ankawaliza m'thumba kuti aliyense amve. Koma makiyi awo ankatsegula chitseko chokha. M'mimba mwa makina munkalowa dzanja la munthu mmodzi, injiniya wachizungu dzina lake Pickering. Pa chivundikiro chilichonse ankamatapo kapepala kofiira kosainidwa, ndipo wong'amba kapepalako ankachotsedwa ntchito popanda mlandu kuzengedwa.

M'mawa zonse zinkayenda bwino. Kenako makina oziziritsa mpweya anatsokomola kawiri n'kukhala chete. Tinayang'anana. Pasanapite nthawi tinavula majuzi, chinthu chimene sitinachitepo m'chipindamo. Pakhoma panali kachipangizo koyezera kutentha, kokhala ndi mzere wofiira, ndipo lamulo linali loti zikafika pamzerewo, zonse azimitse. Ba Katongo anathamangira pafoni. Mkazi wa Pickering anayankha kuti bwana ali ku mtsinje wa Kafue kowedza nsomba, abwera dzuwa litalowa.

"Ba Katongo," anatero Ba Imasiku akumasula tayi, "ndachoka ku Lusaka ndi ana a chigawo chonse m'mabokosimu. Ndibwerere nawo osasankhidwa? Ndikawauze chiyani mabwana, kuti kompyuta ya ku Kitwe inatuluka thukuta?"

Ba Katongo anazungulirazungulira, makiyi aja osaliranso. Kenako anaima, nkhope n'kuwala. "Kumudzi madzi timaziziritsa bwanji? Ziguduli! Tengani ziguduli kusitolo, munyowetse pampopi. Mafani onse a m'maofesi abwere kuno."

Tinayanika ziguduli zonyowa pamipando, mafani n'kumawomba kumbuyo kwake. Ba Bibiana nawo anakamula ziguduli mpaka bulauzi yonse kunyowa. Ndipo zinathekadi. Kamphepo kozizira kanayamba kuyenda, choyezera chija n'kutsika. Ine ndinaimba nthungululu. Ba Imasiku anagwira Ba Katongo chanza ndi manja awiri, amvekere mwaulemu wa ku Kitwe, "Aka ndiye kamutu, mukwai! Pickering azingowedza nsomba zakezo." Tonse tinasangalala ngati tapha njovu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbukira kuti khadi ndi pepala, ndipo pepala limamwa chinyezi.

Dzuwa litapendeka, makina owerenga anayamba kutsamwa. Makhadi anali atafewa n'kufufuma. Ankameza pang'ono n'kuima, Ba Katongo n'kusolola khadi lopindika, ife kuthamanga nalo kukaboola lina, kubwera, kuika, n'kuimanso. Titazindikira chimene chikuchitika tinataya ziguduli zonse panja, koma walira mvula walira matope, makhadi anali atamwa kale. Ziguduli zitachoka, kutentha kunayambanso kukwera. Tsopano adani anali awiri, wotchi ndi mzere wofiira uja.

Tinali titatsala ndi mabokosi ochepa pamene tinamva phokoso ngati nsalu ikung'ambika. Ba Katongo anasolola khadi, koma linatuluka theka lokha. Theka linalo linagwera pansi pa timagudumu, kuseri kwa chivundikiro cha kapepala kofiira. Anayesa kudutsitsa makhadi ena, ndipo anadutsa bwinobwino.

Ba Bibiana anatenga theka lija n'kulikweza kumagetsi. Timabowo tinkatiwerenga ngati mmene inu mumawerengera nyuzipepala. "Sukulu ya ku Luwingu," anatero. "Mtsikana. Malikisi ake atsala mkatimo."

"Koma makina akuyenda, eti?" anafunsa Ba Imasiku. "Ndiye tiyeni nazo. Ndi mmodzi yekha ameneyo, tikonza ku Lusaka."

Ndinayang'ana Ba Bibiana, ndipo ndinaona nsagwada zawo zikulimba.

"Mukonza liti, Ba Imasiku?"

"Mapepala ake ali m'matumba kuofesi. Mawa tikafufuza."

"Malo akugawidwa lero kapena mawa?"

Bamboyo anayang'ana wotchi. "Lero."

"Nanga makinawa akapanda kumuona, alemba chiyani?"

Anayankha ndi Ba Katongo, motsitsa mawu. "Alemba kuti sanalembe mayeso."

"Makolo ake akhoza kudandaula," anatero Ba Imasiku. "Njira zilipo, mayi."

"Mwana wa ku Luwingu? Akadandaule kwa ndani, kwa mbuzi? Pofika Isitala adzakhala atatomeredwa kale, inu mukadali kumasula matumba anuwo."

Ba Katongo anaima pakati pa iwo ndi makina. Thukuta linali kamukamu. "Ba Bibiana, mukwai, musandiphe. Kapepala kofiira ako mukukaona. Muli ndi ana, muli ndi wodwala kunyumba. Ndipo si zokhazo. Mukakhudza molakwika mkatimo, makinawa afa, ana onse atsala m'mabokosiwa sasankhidwa. Tisankhe chiyani, mwana mmodzi kapena chigawo chonse?"

Mpaka lero ndimati Ba Katongo ankanena zoona. Ndinakoka Ba Bibiana mkono n'kuwanong'oneza kuti, "Simukumudziwa n'komwe mwana ameneyu. Mwina walephera kale. Mwina malikisi ake ndi a mbatata."

"Mwina," anatero. "Ndikawaona ndidziwa." Kenako anatembenukira kwa Ba Katongo, mawu atafewa. "Bwanji mukaimbenso foni kwa Pickering? Mwina nsomba zamukana, wabwerako msanga."

Ba Katongo anamva chimene ankauzidwa, kuti zimene zichitike asazione ndi maso awo. Anatuluka, mapewa atagwa. Ba Imasiku nawo anapeza mwadzidzidzi kuti akufuna kusuta, n'kutuluka panja.

Ba Bibiana anazimitsa makina owerenga. Anatulutsa kandalama ka ngwee m'chikwama. "Iwe Emelda, manja kumbuyo. Usakhudze kanthu. Akakufunsa, unene kuti unandiletsa, chifukwa unandiletsadi." Anang'amba kapepala kofiira ndi chikhadabo, n'kumasula masikuluwu ndi kandalama kaja. Phokoso la kapepalako linali laling'ono, koma panalibenso kubwerera m'mbuyo.

Mkatimo munali timagudumu ta labala, mawaya, ndi timalilime tachitsulo topyapyala. Chidutswa cha khadi chinkaoneka pansi penipeni, chitakwinyika. Analowetsa dzanja, zala osafika. Anakanikiza, chitsulo n'kuwacheka pachala, osafikabe. Ndiye anatenga juzi limene ankaluka n'kusolola singano imodzi, zoluka za sabata yonse n'kuyamba kusomphoka. Anagwada, n'kulowetsa singanoyo pang'onopang'ono.

Ine maso anali pa choyezera chapakhoma. Chinali chitatsala pang'ono kufika pamzere. Thukuta linkasonkhana pachibwano pa Ba Bibiana, pamwamba penipeni pa mawaya, ndipo ndinaiwala za manja kumbuyo, n'kuwapukuta ndi juzi langa. Singano inakola chidutswa, chinakwera pang'ono, n'kugwanso. Anatukwana, mayi amene sindinawamvepo akutukwana. Anayesanso. Kenako tinamva kaphokoso, thii, ngati chinachake chapindika. Anauma pomwepo.

"Chimenecho n'chiyani?" ndinafunsa.

"Khala chete."

Anakoka. Chidutswa chinatuluka, chakuda ndi mafuta, chitang'ambika pawiri. Anatseka chivundikiro, n'kumanga masikuluwu, ndipo tinathamangira kuchipinda chathu chobooleramo. Tinayala zidutswa zitatuzo pagalasi la zenera kuti dzuwa lidutse m'timabowo. Ndinazigwira ndi zala, iwo n'kumawerenga. Pena mng'alu unadutsa pakati pa bowo, ndipo tinaika khadi latsopano kumbuyo kuti tione mzere wake. Anaboola. Ine ndinabwereza pa makina anga, ndikuwerenga ndekha pazenera, ndipo makina sanakane paliponse.

"Si a mbatata," anatero.

Ba Katongo anabwera n'kuona kapepala kofiira kali lendelende. Analandira khadi latsopano, n'kuliika pamalo pake, n'kudina batani. Palibe chinachitika. M'chipinda monse munali phokoso la mafani okha. Ba Imasiku, amene anali atabwerera, anagwira mutu ndi manja onse awiri. Ndinayang'ana mabokosi otsala aja, ana onsewo, ndipo ndinawakwiyira Ba Bibiana moti ndikanatha kuwamenya.

Ba Katongo anadinanso. Makina anabuula, n'kumeza khadi limodzi, kenako lina, kenako n'kuyamba kuthamanga. Koma mkatimo munali phokoso lachilendo, lokwecha, ngati mpeni pamwala. Khadi lililonse likamalowa tinkati apa ndiye zathera. Palibe anakhala pansi. Ba Imasiku ankapemphera m'chiyankhulo chakwawo, tayi ili m'thumba. Bokosi lomaliza litatha, kompyuta inayamba kusanja, magudumu a tepi akuzungulira, ife tikungodikira, choyezera chija chitagunda mzere wofiira. Ba Katongo anaima mochitchinga ndi msana.

Kenako makina osindikiza anayamba kukhoma ngati matalala padenga la malata, mapepala n'kumatuluka opindikapindika. Ba Bibiana anaima pomwepo, maso akutsika ndi manambala. Ndinaona chala chawo chamagazi chikuima pamzere wina. Mtsikana uja anali atapeza malo pasukulu yogonera konko ya atsikana ku Kasama. Sanali woyamba, sanalinso womaliza, anali pakatikati. Ba Bibiana anapita pampando wawo, n'kutola juzi lija, n'kuyamba kubwezeretsa zosomphoka zija pasingano. Ba Katongo anazimitsa zonse, ndipo aka kanali koyamba kuti ndimve chipindacho chili zii.

Lolemba makina owerenga anaferatu. Singano ija inali itapinda kalilime kamodzi, ndipo kalilimeko kanakwecha maso a makinawo mpaka kuwaononga. Chipangizo chatsopano chinkayenera kuchokera ku Mangalande kudzera ku Dar es Salaam, ndipo kwa masabata ambiri makhadi a mgodi ankawanyamula pagalimoto kupita nawo ku Ndola. Pickering sanakalipe. Anaitana Ba Bibiana n'kuwauza kuti, "Mukanandidikira, kapepalako ndikanakachotsa osawononga kanthu."

"Ndikudziwa, bwana," anayankha. "Koma malo ankagawidwa Lamlungu."

Ba Katongo anaulula za ziguduli, anayesa kusenza mlandu wonse, koma kapepala kofiira sanang'ambe ndi iwo. Anangodzudzulidwa. Ba Imasiku anabwerera ku Lusaka ndi mapepala awo ali bwinobwino, ndipo sitinamvenso ngakhale moni wawo. Ameneyo sindinamukhululukire, ndipo sindikuganiza kuti ndidzatero. Ba Bibiana anachotsedwa ntchito sabata yomweyo.

Ndinawaperekeza mpaka pachipata ndikulira ndi mkwiyo. "Mwataya ntchito chifukwa cha nambala! Ndipo mukudziwa kuti mwana mwamulowetsayo wakankha mnzake pamzere?"

"Wakankhidwayo wakankhidwa ndi malikisi ake," anatero. "Uyu akanakankhidwa ndi chiguduli chonyowa chimene ndinakamula ine ndi manja angawa."

Musaganize kuti zinawayendera. Makampani okhala ndi makompyuta anali owerengeka ndipo ankadziwana, moti wong'amba kapepala kofiira sakanalembedwanso kulikonse. Anakakhala pamsika wa Chisokone, kugulitsa majuzi a ana ndi chikanda, chakudya chija cha timizu ndi nsinjiro chimene amachidula ngati buledi. Mwamuna wawo anamwalira mvula yachiwiri. Mwana wawo woyamba, Petronella, amene anali wanzeru ngati mayi ake, anasiyira sukulu panjira kuti azithandiza pabenchi, ndipo anakhala zaka akuyankhula ndi mayi ake mawu ofunika okha. Tsiku lina ndinamumva akunena pamaso pawo kuti, "Amayi anaphunzitsa mwana wa eni, wawo n'kumusiya akudula chikanda." Ba Bibiana anangopitiriza kuluka, koma masingano ankagundana mokweza.

Ine ndinakhalabe pantchito mpaka makhadi anatha ntchito, makabati aja n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Loweruka ndinkapita kukakhala nawo pamsika. Kumeneko ndi kumene ndinaona khalidwe lawo lina. Kukabwera mtsikana wa yunifolomu ya sekondale wolankhula ngati wa kumpoto, ankamudulira chikanda chachikulu kuposa cha ena. Zaka zikamapita, oonjezeredwawo nawo ankakula: kenako anali atsikana a kukoleji, kenako aphunzitsi ndi amayi a m'mabanki obereka ana kumbuyo. Ankawayang'ana mpaka atasowa m'chigulu cha anthu. Koma sanafunsepo ndi mmodzi yemwe kuti unalemba mayeso chaka chanji, kusukulu iti. Ndikawanena kuti akugawa phindu, ankangoti mpeni waterereka.

Atakalamba anadwala impso n'kugonekedwa m'chipatala. Ndinapita kukawaona masana ena ndi botolo la thobwa la munkoyo, ngakhale sakanatha kumwa. Petronella anali atatuluka kukachapa. Panabwera namwino wamkulu, mayi wonenepa wa imvi m'mbali mwa chipewa, wotopa ndi wolusa. Anawatembenuza mosasamala ngati akutembenuza thumba, n'kuwakalipira kuti anyowetsa zofunda. Ine pakamwa panga mukupadziwa. Ndinadzuka kuti ndimusambitse chokweza.

Ba Bibiana anandigwira pamkono. Zala zija zinali zitatsala mafupa okha, koma zinandifinya ndithu.

"Emelda, tseka pakamwa. Sukumva mmene akuyankhulira? Ndi wa kumpoto. Taona msinkhu wakewo. Mwina ndi uja wanga."

"Ndiye ndimufunse," ndinatero. "Lero lokha, Ba Bibiana. Ndimufunse ngati kwawo ndi ku Luwingu."

Anapukusa mutu papilo, maso akutsatira namwino uja amene anali atafika kale pabedi lina.

"Usayerekeze. Akati ayi, nditsala ndi chiyani?"

Ndinakhala pansi. Namwino uja atabweranso ndi mankhwala, Ba Bibiana anamulandira ndi manja awiri, n'kumuuza kuti, "Zikomo, mwanangu. Wadya koma?"